Masokosi othina aja ndawavala miyezi inayi tsopano

Amayi anzanga amene mumandifunsa kutchalitchi kuti bwanji ndikuvala sokosi ngati agogo, nkhani yake ndi iyi. Ndinachira pa opareshoni, patangotha masiku 9 mwendo wakumanzere unatupa, katumba kutentha komanso kuwawa moti kuponda pansi kunali nkhondo. Apongozi anati ndi zauchembere zimenezo tingothowa ndi madzi otentha, mwamwayi alamu anga ndi anesi, anakana anati osathowa osasisita tiyeni kuchipatala pompano. Scan inaonetsa kuti magazi aundana mumtsempha, amati DVT, ndipo adokotala anandiuza kuti milungu 6 yoyamba ukangobereka ndi imene imaopsa kwambiri, chibuluma chija chikathothoka n'kukafika m'mapapo munthu umabanika basi. Ndi zomwe zinamugwira katswiri wa tenisi Serena Williams mu 2017 atangobereka pa opareshoni, ndiye musamati ndi matenda a osauka.

Anandiyambitsa mankhwala oletsa magazi kuundana, jakisoni wa enoxaparin pamimba, kenako mapilitsi a warfarin, kumapita kukayezetsa INR, muyezo woonetsa mmene magazi akuchedwera kuundana, kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3. Mwana ndikuyamwitsa bwinobwino. Nkhwani ndi mpiru sanandiletse, anangoti ndisamadye mbale yodzadza lero kenako sabata yonse osalawa, zimasokoneza mankhwala.

Tsopano masokosiwo, amene ndimavala chifukwa cha mwendo wotupawo. Anga ndi a class 2, kutanthauza othina mwapakatikati, ofika m'munsi mwa bondo. Peyala yoyamba anagula bambo a kunyumba pa famase ina mtauni, anangoyang'ana ndi maso n'kunena kuti medium ikwana, eee inali yaing'ono, imapindika pansi pa bondo n'kumandidula ngati legeni, ndalama inapita yonse chifukwa ukatsegula paketi sabweza. Yachiwiri anachita kundiyeza ndi tepi pakakolo ndi pakatumba, m'mawa mwendo usanatupe, ndiye inakhala bwino. Kusiyana kwake ndinakuona sabata yoyamba yomwe, kale ikamakwana 3 koloko mwendo umalemera ngati ndamangirira njerwa, pano ndimachapa matewera, kuphika, mpaka kuyenda kukafika kumsika osakhala pansi panjira.

Koma kuvala kwake abale. Umayenera kuvala ukangodzuka usanatsike pabedi, mwana akulira uku iwe ukulimbana ndi chidendene thukuta kamukamu. Alamu anandiphunzitsa kuitembenuza kaye mpaka pachidendene ndi kuvala magolovesi a rabala otsukira mbale aja, zimathandizadi ndipo zikhadabo sizing'amba. Usiku ndimavula. Kuchapa ndi pamanja, kuyanika pamthunzi, ndiye ngati muli ndi peyala imodzi ngati ine muzichapa madzulo n'kumapemphera iume. Mtengo ndi wowawa ndithu, ndipo akuti pakatha miyezi 6 mphira imatha mphamvu uyenera kugulanso.

Chimene chinandikhumudwitsa pang'ono, ine ndimaganiza kuti sokosiyo ndi imene ikusungunula magazi, adokotala anaseka anati ayi mayi, iyi ndi yochepetsa kutupa ndi ululu chabe, warfarin musasiye mpaka tikuuzeni ife, miyezi itatu ndiye yocheperatu. Mapilitsi olerera okhala ndi estrogen anandiletsanso.

Ndikupereka 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, kuyabwa kwake ungalire. Peyala yotsatira ndigula yotsegula kuzala kuti ndizitha kuvala patapata.