Kusintha madifu a Land Rover yakale pa galaja ina ya ku Nchalo

Land Rover Series III inapangidwira matope ndi misewu ya m'minda, choncho madifu ake (magiya a pakati pa matayala omwe amapereka mphamvu ya injini kumatayalawo) a 4.7:1, kutanthauza kuti shafiti imazungulira ka 4.7 kuti matayala azungulire kamodzi, amachititsa injini kulira mopweteka m'makutu ikamathamanga pa phula la M1 pakati pa Chikwawa ndi Bangula. Amakaniko a galaja ina ya ku Nchalo anandiikira pa galimoto yanga ya mtunduwu madifu a Range Rover yakale a 3.54:1, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pakuti kusintha mbali imodzi yokha kumawononga magiya pamene matayala onse anayi akukoka.

Ntchito yawo ndaikhutira nayo. Ndinaona bambo wamkulu wa pagalajapo akupaka utoto pa mano a giya n'kuzunguza ndi dzanja, kuti aone ngati manowo akulumana bwino asanatseke ndi kuthira oyilo. Tsopano injini imazungulira mocheperako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi pa liwiro lomwelo, ndipo anthu timatha kulankhulana m'galimoto popanda kukuwa.

Komabe injini ya malita 2.25 imavutika pa chitunda cha Thabwa polowera ku Blantyre, makamaka galimoto ikanyamula matumba a chimanga, moti giya yachiwiri imagwira ntchito nthawi yaitali. Mita ya liwiro nayonso imasonyeza nambala yotsika kuposa liwiro lenileni, ndipo amakanikowo anayenera kundichenjeza zimenezi ndisanatuluke pageti.