Galaxy Zoo ndaiyesa kwa miyezi iwiri, nawa maganizo anga

Anzanga okonda zakumwamba, pali webusaiti ina yotchedwa Galaxy Zoo, ili pa Zooniverse (webusaiti yomwe anthu wamba amathandizirapo asayansi pa kafukufuku) ndipo ndi yaulere. Inayamba mu 2007 ku Oxford asayansi atathedwa nzeru ndi zithunzi pafupifupi miliyoni za milalang'amba (magulu akuluakulu a nyenyezi) zochokera ku ntchito yojambula thambo yotchedwa Sloan Digital Sky Survey, ndiye anapempha anthu wamba ngati ife kuti tiziwathandiza kusanja. Ukalowa amakuonetsa mlalang'amba umodzi nkukufunsa kuti kodi ndi wosalala ngati dzira kapena uli ndi mikono yozungulira ngati chigoba cha nkhono, ukayankha limeneli ndi mafunso ena otsatira akubweretsera wina, choncho basi.

Ine chinandigwira mtima ndi mitundu yake. Wa buluu ndiye kuti ukubalabe nyenyezi zatsopano zotentha, wofiirira nthawi zambiri ndiye kuti kubala kunatha mwangotsala zokalamba. Usiku wina magetsi atazima ndili pa laputopu kunabwera umodzi wa mikono yake bwinobwino koma wofiira, ndinauyang'ana kwa nthawi ndithu osadina. Nditafufuza ndinapeza kuti yofiira ya mikonoyi inadziwika kuchuluka kwake chifukwa cha anthu a Galaxy Zoo omwewa, ndipo imakonda kupezeka m'mbali mwa ma cluster, magulu akuluakulu ngati la Virgo lomwe muli milalang'amba yoposa 1,000. Mkati mwa gulu lotere muli gasi wotentha madigiri mamiliyoni, ndiye mlalang'amba ukamagweramo pa liwiro gasiyo amausesa gasi wake wozizira yemwe ndi amene amapanga nyenyezi, ngati mmene mphepo imachotsera gaga popeta uja. Asayansi awiri, Gunn ndi Gott, anazifotokoza kale mu 1972. Milalang'amba ina siseseka msanga, imangoleka kulandira gasi watsopano nkumadya wotsalayo mpaka kutha, mikono ikadalipo koma buluu yense atazilala. Zinandikhudza zedi kuti wofiira wanga uja mwina ali pakati pa ulendo umenewu.

Pa foni zimatheka koma sikirini yanga ndi yaing'ono, mikono yosaoneka bwino ndimaiphonya, pa laputopu ndiye bho. Musamaope kulakwitsa chifukwa chithunzi chimodzi chimaonedwa ndi anthu ambiri nkuphatikiza mayankho. Aphunzitsi a Physics kusekondale yesani ndi ana a Form 3 kapena 4, bandulo ya tsiku limodzi ine imandikwanira.