Subaru Impreza ndi Mitsubishi Evo: dolo wa pa fumbi anali uti?

Mkangano wa Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer Evolution (Evo) sunathebe pakati pa okonda magalimoto a ku Japan, ngakhale makampani awiriwa anachoka kalekale mu mpikisano wa rally wa dziko lonse, wa WRC. Papepala magalimotowa ali ngati mapasa: injini ya malita 2, turbo, komanso kukoka ndi matayala onse anayi. Mukatsegula boneti ndi kuyang'ana mbiri ya zikho, m'pamene mumaona kuti anaswana kosiyana.

Nzeru yophatikiza turbo ndi kukoka kwa matayala anayi si ya ku Japan. Anaibweretsa ndi a Audi a ku Germany, pamene Quattro inalowa mu WRC mu 1981. Nthawi imeneyo ambiri ankati kukoka ndi matayala onse ndi za magalimoto olemera a kutchire, osati za liwiro. Hannu Mikkola atapambana pa chipale ku Sweden, kenako Michèle Mouton n'kukhala mayi woyamba kupambana mpikisano wa WRC ku Sanremo chaka chomwecho, mawuwo anatha. Kunabwera nyengo ya malamulo otchedwa Group B, pamene kampani inkangofunika kupanga magalimoto 200 kuti ilowe mu mpikisano. Peugeot 205 T16, ya injini pakati, inatenga zikho za 1985 ndi 1986. Koma mphamvu zinapyola muyeso. Mu 1986 Ford RS200 inapha oonerera atatu ku Portugal, ndipo pa 2 Meyi dalaivala Henri Toivonen ndi womuthandiza wake Sergio Cresto anafera mu Lancia Delta S4 ku Corsica. Group B inathera chaka chomwecho.

Apa m'pamene nkhani yathu ikuyambira. Malamulo a Group A, amene analowa m'malo mwa Group B, ankafuna kuti kampani ipange magalimoto 5,000 ogulitsa kwa anthu wamba, nambala imene inatsika kufika pa 2,500 mu 1993. Ukafuna turbo yaikulu kapena chipiko chakumbuyo pa galimoto ya mpikisano, unkayenera kuziikanso pa ya mu shopu. WRX, imene ndi Impreza ya turbo, ndi Evo zinabadwa ndi lamulo limeneli. Lancia Delta inalamulira kuyambira 1987 mpaka 1992, Toyota Celica GT-Four n'kulanda ufumuwo mpaka pamene inagwidwa ndi chinyengo cha pa turbo mu 1995. Bwalo linatsala la awiriwa, onse atangosiya magalimoto akuluakulu: Subaru inasiya Legacy, Mitsubishi inasiya Galant VR-4.

Tiyambe ndi injini. Subaru ili ndi EJ20, ya mtundu wa boxer, imene mapisitoni ake anagona chammbali, awiri uku awiri uku. Injiniyo imakhala pansi, choncho galimoto siyendamira kwambiri pa kona, ndipo giyabokosi ndi shafuti zimatsatana mzere umodzi mpaka kumbuyo. Kulira kwake kogunda kuja, kumene mumakuzindikira galimoto isanaonekere, kumachokera ku mapaipi a utsi otalika mosiyana. Evo ili ndi 4G63, ya masilinda anayi oimirira, yoikidwa chopingasa, ndipo buloko yake ndi yachitsulo cholemera. Siimveka mokoma ngati inzakeyo, koma imapirira anthu akaiwonjezera mphamvu, n'chifukwa chake okonda kuchuna injini amaikonda mpaka lero. Pa mpikisano penipeni kusiyanaku kunkachepa, poti kuyambira 1995 onse ankakakamizidwa kuika chotsekera mpweya cha mamilimita 34 pakamwa pa turbo, ndipo mphamvu zinkazungulira pa horsepower 300.

Pa magalimoto ogulitsa, Mitsubishi inadalira kwambiri kompyuta. Kuyambira Evo IV ya 1996 munabwera AYC, chipangizo cha mu difu yakumbuyo chimene chimatumiza mphamvu zambiri ku tayala la kunja kwa kona, galimoto n'kumakhota mosavuta ngakhale m'manja mwa dalaivala wamba. Subaru pa ma STI ena, amene ndi ma WRX owonjezeredwa mphamvu, inaika DCCD, kagudumu kamene dalaivala amapotokola yekha posankha mmene difu yapakati igwirire. Evo imakuthandiza, Subaru imakusiyira ntchitoyo. Amene amati Evo ndi yakuthwa pa kona sanama.

Tsono zikho. Apa okonda Evo amakweza mawu, ndipo ali ndi chifukwa: Tommi Mäkinen wa ku Finland anatenga ukatswiri wa madalaivala zaka zinayi zotsatizana, 1996 mpaka 1999. Chimandigometsa n'chakuti kuyambira 1997 malamulo atsopano a World Rally Car anamasula makampani kusintha magalimoto awo kwambiri, Subaru n'kulumphira komweko ndi Impreza ya zitseko ziwiri, koma Ralliart, timu ya Mitsubishi yotsogoleredwa ndi Andrew Cowan, inakakamira Group A mpaka 2001. Mäkinen ankagonjetsa magalimoto opangidwira mpikisano ali mu galimoto yoyandikana kwambiri ndi imene munthu ankagula ku Japan.

Koma yang'anani bwino. Chikho cha makampani Mitsubishi inachitenga kamodzi kokha, mu 1998, pamene Richard Burns ankathandiza Mäkinen. Burns atachoka, Freddy Loix anavutika nayo galimotoyo osapambanako olo kamodzi. Komanso zikho ziwiri mwa zinayizo zinabwera mopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mu 1997 Colin McRae wa Subaru anapambana mipikisano isanu, Mäkinen inayi, ndipo anasiyana ndi pointi imodzi. Mu 1998 Mäkinen anali atatuluka kale mu mpikisano womaliza ku Britain, ndipo chikho chinali m'manja mwa Carlos Sainz mpaka injini ya Toyota Corolla yake inafa pangotsala mamita mazana ochepa kuti amalize.

Subaru, imene timu yake inkayendetsedwa ndi kampani ya Prodrive ya David Richards ku Banbury, ku England, inatenga chikho cha makampani katatu motsatizana, 1995 mpaka 1997, ndipo inapanga akatswiri atatu osiyana: McRae mu 1995, Burns mu 2001 ndi Petter Solberg mu 2003. McRae ankayendetsa ngati galimotoyo yamulakwira, Burns anali wodekha ndi wowerengera, koma onse Impreza inawamvera. Mäkinen mwiniwakeyo atasamukira ku Subaru mu 2002, anayamba ndi kupambana Monte Carlo. Kwa ine umenewu ndiye umboni wolemera. Zikho za Evo zimandiuza za Mäkinen kuposa za galimotoyo.

Ku Safari Rally ya ku Kenya, kumene miyala ndi matope zinkasefa magalimoto, palibe anaposa mnzake moonekera. Mpikisanowu unachedwa kugonja kwa magalimoto okoka ndi matayala anayi: Toyota Celica yokoka ndi kumbuyo kokha inapambana 1984, 1985 ndi 1986, Audi n'kudzapambana mu 1987. Pa awiri athuwa, Mäkinen anapambana mu 1996 ndi 2001, Burns mu 1998 ali ku Mitsubishi. McRae anatengera Subaru ya 1997, Burns ya 2000.

Nanga wofuna kugula lero? Mitsubishi inachoka mu WRC kumapeto kwa 2005 ndipo Evo inasiya kupangidwa mu 2016, choncho yabwino ikusowa ndipo mtengo wake sutsika. Yambiri inadutsa m'manja mwa ochuna injini, ndipo pampu ya AYC ikafa mudzafufuza makaniko ndi sipeyala mpaka kutopa. Subaru inachoka kumapeto kwa 2008, koma WRX ikupangidwabe, ndipo injini za banja la EJ zinaikidwanso mu Forester ndi Legacy, magalimoto amene amafika kuno kuchokera ku Japan. Makaniko amene anagwirapo Forester ya turbo sachita chilendo ndi WRX. Nayonso ili ndi zake: mitu ya injini ndi iwiri, ndiye magasiketi ndi awirinso, mapulagi amavuta kufikira, ndipo ikangosowa oyilo pang'ono mabeyaringi amagogoda. Onse awiri a ku Japan anawachunira petulo wa octane yokwera, choncho musanakondwere ndi liwiro funsani ngati kompyuta ya injini inakonzedwa kuti igwirizane ndi mafuta a pa filing'i siteshoni yanu.

Wa ndalama zokwanira, amene ali ndi galimoto ina yopitira ku ntchito, atenge Evo VI, imene ili pafupi kwambiri ndi ya Mäkinen ya 1999. Wofuna galimoto imodzi yoyendera tsiku ndi tsiku, pa tala ndi pa msewu wafumbi wakumudzi, atenge WRX yosachunidwa, ndipo ayambe wasintha lamba wa timing asanaiponde.