MiG-21 ya pulasitiki: sikelo ya 1/72 kapena 1/48?

Ngati mukufuna kumanga kandege ka MiG-21, mtundu wa ndege zankhondo womwe Zambia Air Force inkaulutsa, yambani mwasankha sikelo, kutanthauza kukula kwa kandegeko poyerekeza ndi ndege yeniyeni. Kampani ya Eduard imapanga zonse ziwiri, 1/72 ndi 1/48.

Ya 1/72 imatalika pafupifupi masentimita 20, imadya penti wochepa ndipo pa shelefu imakwana bwino. Vuto ndi tizidutswa take. Mpando wa woyendetsa ndi miyendo ya matayala n'zazing'ono moti popanda tweezers zimangothera pansi. Guluu akachuluka pang'ono amasungunula mizere ya mapanelo.

Ya 1/48 imafika masentimita 30, ndipo ife timaikonda kuposa inzakeyo: m'kati mwa cockpit (mokhala woyendetsa) mumaoneka, manjanso amagwira bwino. Koma cholakwika sichibisika. Msoko wapamsana umafuna putty (phala lotsekera mipata), kenako sandpaper ya nambala 600 mpaka 1000, apo ayi penti wasiliva aulula chilichonse. Kuitanitsa kunja kumadulanso, poti bokosi lake n'lalikulu.

Kutentha kwa Okutobala kuno ku Lusaka kumavutitsa kwambiri popopera mapiko aakuluwo, chifukwa penti wa acrylic amauma asanafike papulasitiki, n'kusiya pokhakhala ngati mchenga. Pentani m'mamawa, muonjezereko thinner (wosungunulira penti). Galasi la cockpit musamate ndi superglue, limachita chifunga; guluu woyera wa PVA amakwanira.