Kupalasa Mosavutika kapena Kulimbana ndi Chitunda?

Wopalasa njinga amene akufuna kuwonjezera mphamvu ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kupalasa mwapang'onopang'ono, mpweya uli m'malo, mukucheza ndi mnzanu. Njirayi ndi yabwino ndithu: mtima umazolowera, mawa mumadzuka osatopa. Koma mukaikakamira yokhayo, liwiro limangokhala pomwepo miyezi ndi miyezi.

Inayo ndi yowawa. Mumalimbana ndi chitunda kwa mphindi 4, ntchafu zikuyaka moto, kupuma kuli wefuwefu, thukuta likudonthera pa handulo, kenako mupumeko pang'ono n'kubwerezanso. Apa thupi limakakamizika kusintha, mtima umayamba kupopa magazi ochuluka pakugunda kulikonse. Ine ndimaikonda imeneyi, bola ikhale kawiri pa sabata basi, chifukwa minofu imalimba pa masiku opuma.

Komatu ululu sufanana. Kutentha kwa ntchafu kumatha mukangomaliza chitunda. Kubaya kwa bondo, dzanzi m'manja, kupweteka pachifuwa, zimenezo si zopirira ayi. Bondo kawirikawiri limadandaula chishalo chikatsika kwambiri, ndiye chikwezeni pang'ono. Za pachifuwa, tsikani panjinga mukaonane ndi dokotala.