Penti yoyera ya padenga: mmene ndaionera kuno ku Nchalo

Ambiri mwakhala mukundifunsa za penti yoyera ija tinapaka pamalata, kuti ikuthandizadi kuchepetsa kutentha mnyumba kapena tinangotaya ndalama. Ikuthandiza ndithu, koma payokha siikwanira, pakufunikanso siling'i.

Nonse a Chikwawa, Ngabu, Bangula mpaka Nsanje mukudziwa kuti Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo zaka zino ngakhale usiku sikukumazizira ngati kale. Malata adzimbiri amamwa dzuwa tsiku lonse, njerwa nazo zimasunga kutentha, nde 9 koloko usiku ukagwira khoma la kumadzulo limakhala lofundabe, mwana ali thukuta kamukamu mu neti, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo uku mayunitsi akutha.

Mmisiri amene anatigwirira ntchitoyi ndikumuyamikira kwambiri. Anayamba wapala dzimbiri ndi bulashi ya waya, kutsuka malata, kupaka penti ya pansi yoteteza dzimbiri, kenako yoyerayo kawiri. Pokhoma siling'i anasiya timipata pamwamba pa khoma nkutchinga ndi sefa kuti mpweya wotentha uzituluka koma mileme isalowe. Apa osanyengerera abale anga, siling'i yopanda potulukira mpweya imangounjika kutentha mmwambamo nkumakubwezerani usiku.

Panopa masana tikutha kukhala pabalaza, ana akulemba homuweki mnyumba momwemo, filiji ija inkangolira osapuma ikumapumako, mayunitsi akukhalitsa. Chimene chimandisangalatsa koposa nchoti zimenezi sizidalira magetsi. Kumbukirani Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi anavuta kupitirira chaka, amene ankadalira fani yokha anaona zakuda. Freddy wa 2023 uja watiuzanso kuti anamondwe oterewa abwerabe.

Zovuta zilipo. Penti yabwino ya malata ndi yodula, yotchipa ija ya khoma musayerekeze, imasupuka mvula yoyamba yomweyo. Fumbi la chilimwe limaidetsa msanga, ikada mphamvu yobweza dzuwa imachepa, nde pamafunika kutsuka dengalo. Masana imathobwanso mmaso, ngati khonde la aneba layang'ana denga lanu yambani mwalankhula nawo.

Mukafuna kupaka muuzeni mmisiri akwere mmamawa malata asanatenthe, chifukwa pamalata otentha penti imauma isanagwire, ndipo ali pomwepo aonenso misomali yomwe yazuka mvula isanayambe.