Giyabokosi ya otomatiki ikuslipa: mafuta, solenoid, kapena kugula ina?

Mukuponda moto pa chikwera, singano ya rev yafika pa 4,000 koma galimoto ikungodzikoka, kenako giya n'kulowa mochita kugunda. Pa dashibodi payaka kanyale ka injini. Mwakaiika pa kompyuta, yatulutsa P0730 kapena P0741. Apa malangizo amachuluka: uyu akuti sinthani mafuta, uyo akuti thirani mankhwala, wina akuti ndi solenoid (kavalavu ka magetsi kotsegula ndi kutseka njira za mafuta mu giyabokosi), winanso wakupezerani kale giyabokosi yochokera ku Japan. Njira zonsezi zili ndi malo ake, koma chimene chiyenera kukusankhirani si nambala ija yokha.

Kompyuta ya galimoto siona mkati mwa giyabokosi. Imangoyerekeza liwiro la shafti yolowa ndi la shafti yotuluka, ndipo zikapanda kugwirizana ndi giya imene yalamula, imalemba P0730. Ikalemba P0731 mpaka P0734 ndiye kuti yatchula giya yake, kuyambira 1 mpaka 4. P0741 ikunena kuti klatchi ya mu torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi kudzera m'mafuta) sikugwira nthawi imene iyenera kugwira. P0700 yokha sinena kanthu, imangoti kawerengeni ku mbali ya giyabokosi, ndipo timakina totchipa tambiri tolumikiza ku foni sitifikako. Choncho nambala imodzimodziyo ingabwere chifukwa cha mafuta ochepa, sensa yonama, kapena maklatchi otha.

Njira yoyamba, yomwenso ine ndimayambira, ndi mafuta ndi sefa. Yesani mulingo galimoto itatentha, ili pamalo osatsetsereka. Pa Toyota zokhala ndi dipstick injini ikhale ikulira, giya ili pa P. Honda zambiri amayesa injini itangozimitsidwa. Donthezani pang'ono pa pepala loyera. Akakhala ofiira kapena oderako koma osanunkha, mwayi ulipo. Kenaka masulani pani ya pansi muone maginito ake. Kamatope kotuwa kosalala ngati phulusa lonyowa n'kachibadwa. Koma mukapeza tizidutswa tachitsulo tonyezimira, kapena zinyenyeswa zakuda zokhakhala pa zala, mafutawo akununkha ngati ndiwo zopserera, dziwani kuti maklatchi adyeka, ndipo mafuta atsopano sangabweze chimene chadyeka.

Pa mafuta pomwepa pali kusankha kwina: kukhetsa n'kudzaza, kapena kutsuka ndi makina. Kukhetsa kumachotsa osakwana theka la mafuta onse, chifukwa ambiri amatsala mu converter, koma n'kofatsa ndipo mutha kubwereza mutayendako pang'ono. Pa giyabokosi imene yayamba kale kuslipa sindivomereza kutsuka ndi makina, chifukwa litsiro likavunduka limakatseka tinjira ting'onoting'ono ta mu valve body, chigawo chimene chimawongolera kayendedwe ka mafuta mu giyabokosi. Mtundu wa mafuta nawo si wongoganizira. Toyota ili ndi T-IV ndi WS, ndipo galimoto za CVT (giyabokosi yoyendera lamba ndi mapule), monga Vitz ndi Axio zambiri zochokera ku Japan, zimafuna mafuta akeake. Nissan ya CVT imafuna NS-2 kapena NS-3. Kuthira ATF wamba (mafuta a otomatiki wamba) mu CVT n'kuipha ndi manja anu.

Mankhwala a m'botolo othira m'mafuta, monga a Lucas, amakhuthalitsa mafuta n'kufewetsa masilu ouma. Angakufikitseni kumapeto a mwezi. Kukonza ayi.

Njira ya sensa, mawaya ndi solenoid ndi imene imapulumutsa ndalama za anthu ambiri, koma imafuna makaniko wodekha. Ine inandichitikira pa Corolla yanga: galaja ina inandiuza tsiku lomwelo kuti ndigule giyabokosi, osatsegula ngakhale pani. Mkulu wina wa zamagetsi a galimoto anakwera nane, kompyuta ili pamiyendo pake, akuyang'ana manambala tikuyenda. Anaona liwiro la shafti likudumphadumpha pamene galimoto ikuyenda bwinobwino. Anagwada, n'kuzula pulagi ya sensa, mkati mwake muli dzimbiri lobiriwira. Anatsuka, anafufuta nambala ija, ndipo sinabwerenso. Chizindikiro chothandiza n'ichi: vuto la magetsi limabwera n'kupita, ndipo kawirikawiri limadza ndi manambala ena monga P0715 ndi P0720 (a masensa a liwiro) kapena a m'gulu la P0750 (a ma solenoid). Maklatchi otha amaslipa kwambiri galimoto ikatentha kapena ikalemedwa, ndipo tsiku lililonse amaipiraipira.

Ngati pani yakuuzani zoipa, zatsala ziwiri: kumasula yanuyo n'kuikamo maklatchi ndi masilu atsopano, kapena kugula yogwirapo kale ntchito. Pa galimoto zofala kwathu kuno, monga Corolla, yogwirapo ntchito imapezeka msanga ndipo nthawi zambiri imatchipirapo, koma mukugula chinthu chimene mbiri yake simukuidziwa. Onetsetsani kuti nambala ya giyabokosi ndi mapulagi zikufanana ndi yanu, yang'anani mafuta otsaliramo, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa, polemba, masiku oti mutha kubweza. Kumasula kumaposa ngati galimoto yanu ndi yosowa zipangizo ndipo mwapeza mmisiri amene ntchito yake ndi magiyabokosi a otomatiki basi, wokhala ndi malo aukhondo, pakuti kamchenga kamodzi mu valve body kamabwezeretsa vuto. CVT yokha ndingakonde kusintha yonse kusiyana n'kuimasula, chifukwa lamba wake wachitsulo akaslipa amakanda mapule.

Mwa ziwirizi, iliyonse imene mungasankhe, uzani makaniko atsuke kula ya mafuta (choziziritsira mafuta a giyabokosi) ndi mapaipi ake asanalumikize. Zinyenyeswa za giyabokosi yakufa zimabisala mmenemo, ndipo injini ikangolira zimalowa mu yatsopanoyo.